Masiku Amene Njinga Inaima

Chaka chimene ndinachotsa munthu ntchito koyamba ndi chaka chomwecho chimene ndinaika bambo anga. Bambo anatisiya mu Febuluwale, mvula ili pakati, kwathu ku Lisasadzi. Za maliro awo sindikumbuka zambiri. Ndimakumbuka matope, nyimbo za amayi a Mvano, ndi manja ambirimbiri amene anagwira dzanja langa ine osaona nkhope za eni ake. Patapita masabata awiri ndinabwerera ku ntchito pa Boma la Kasungu, nkudziuza kuti kulira kwatha.

Ntchito yanga inali yoyang'anira ogulitsa katundu wa kampani ina ya zipangizo za ulimi: mbewu, feteleza, mankhwala a m'nazale ya fodya ndi a m'nkhokwe. Pachitseko panalembedwa kuti manijala, koma musaganize zazikulu. Ofesiyo inali kachipinda kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, konunkha mankhwala chaka chonse, ndipo anthu amene ndinkawalamula anali atatu basi. Aliyense anali ndi njinga yamoto ya kampani ndi dera lake loyendamo, kukaona alimi ndi eni masitolo amene ankatigulitsira katundu.

Woyamba anali bambo wachichepere wa dera la pa Boma, wa pakamwa pakuthwa, amene nsapato zake zinkanyezimira ngakhale m'fumbi la Okutobala. Wachiwiri anali mayi wofatsa woyenda mbali ya kwathu ku Lisasadzi, ndipo nthawi imene ndikunenayi anali woyembekezera, mwamuna wake ali pakhomo wopanda ntchito. Wachitatu anali akulu a ku Chamama. Tonse tinkawatchula choncho. Anali ndi imvi, mkulu wa mpingo kwawo, ndipo pakampanipo anayamba ine ndidakali ku pulayimale.

Ndi akulu amenewa amene anandiphunzitsa kukwera njinga yamoto nditangolembedwa ukalaliki. Tinkapita pabwalo la mpira Loweruka masana, iwo akuthamanga pambuyo panga ndi jekete lawo la kutchalitchi. Tsiku lina ndinakalowa nayo m'ngalande. Sanaseke. Anaidzutsa, nkuyang'ana kaye ngati galasi lasweka, kenako nkundifunsa ngati ndavulala, ndipo mpaka lero ndimawaseka nazo mumtima. Masiku amenewo ankanditchula kuti mwana wanga. Tsiku limene ndinakwezedwa kukhala wowayang'anira analowa muofesi, nkuvula chipewa, nkuti, "Mwadzuka bwanji abwana?" Ndinapsa mtima, pakuti ndine munthu wosachedwa kupsa mtima. Tinakangana mpaka tinagwirizana pakati: azindiitana kuti mayi.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kodziwika kwa aliyense. Kuno kwathu pakachitika zovuta anthu amayala masamba aawisi pamsewu, ndipo wa njinga amatsika nkumakankha mpaka atadutsa masamba achiwiri. Anzathu awiri aja ankachita chimodzimodzi, nkukweranso kupitiriza ulendo. Akulu a ku Chamama sankadutsa. Ankakankhira njinga pansi pa mtengo, kuzimitsa, kuvula helemeti, nkukakhala pamene pakhala abambo. Ngati womwalirayo anali wa banja la mlimi wawo, ndipo kudera kuja panalibe amene sanali mlimi wawo, ankakhala mpaka anthu atabwera kumanda. Njinga ya kampani ndiyo inkapita kukanena uthenga kwa achibale akutali, kukatenga abusa kapena shehe, kukagula mchere ndi nsalu. Pamaliro sankatchula mbewu kapena mankhwala ngakhale kamodzi. Wina akayamba kufunsa mtengo wa feteleza ankamuyankha kuti, "Zimenezo n'za mawa."

Lamulo la kampani linkaletsa zonsezi. Ine ndinkadziwa, manijala amene analipo ine ndisanakwezedwe ankadziwanso, ndipo tonse tinkatsinzina. Ndikawanena mocheza kuti mafuta a kampani akuthera m'maliro, ankangoti, "Maliro n'kulirana, mayi," nkutuluka.

Zinasintha pamene likulu la kampani ku Lilongwe linatumiza amisiri kudzaika kachipangizo pansi pa mpando wa njinga iliyonse. Kachipangizoko kankanena kumene njinga ili, nthawi imene yanyamuka ndi nthawi imene yaima. Anzathu anakatcha dzina loti kazitape. Kazitapeyu sankanama, koma sankadziwanso masamba a pamsewu. Kwa iye njinga yoima pamaliro ndi njinga yoima pamowa zinali chimodzimodzi.

Chaka chimenecho malonda sanayende. Makampani ogula fodya anali atayamba kupereka okha feteleza ndi mankhwala kwa alimi awo a mgwirizano, moti ambiri amene ankagula kwa ife analibenso chifukwa chobwerera. Ena anali atasiya fodya nkuyamba soya. Msika wa fodya utatsekedwa, zigafa zitangotsala mitengo yokhayokha m'minda, ndinkadziwa kuti kukubwera chinachake. Chinabwera Lolemba m'mawa, kumapeto kwa Ogasiti, pafoni.

Anali bwana wanga wa ku Lilongwe, munthu waulemu amene sankakweza mawu. Atandipatsa moni anati, "Mayi, ku Kasungu kutsala anthu awiri. Ndikufuna dzina limodzi pofika Lachinayi, kuti kalata ifike Lachisanu."

"Bwana, madera atatu anthu awiri ayenda bwanji?"

"Ayenda. Kwina konse akuyenda. Ndakutumizirani mapepala, a malonda ndi a kayendedwe ka njinga. Muwaone bwino. Pali mmodzi amene njinga yake imakonda kugona, ndipo nthawi ina inatuluka m'dera lake masiku atatu athunthu. Koma sindikukusankhirani, anthuwo mumawadziwa ndi inu."

Ndinati ndikufuna nthawi. Anayankha mofatsa kuti nthawi ndi imene kampani ilibe, ndipo kuti manijala akalephera kusankha, likulu limamuthandiza, koma likulu likayamba kusankha silimayambira pansi. Ndinamva. Ndinali ndi ana awiri kusekondale ndi mayi anga amasiye kumudzi.

Mapepala aja ndinawasindikiza, nkuyang'ana pansi penipeni pamene panali chiwerengero chonse. Wa pa Boma anali patsogolo pa malonda, mayi wa ku Lisasadzi pakati, akulu a ku Chamama kumapeto. Pepala la kazitape linali ndi mndandanda wa masiku amene njinga iliyonse inaima osagwira ntchito. Wa akulu aja unadzaza tsamba lonse, ndipo mizere ina inali yofiira. Sindinauwerenge. Ndinautembenuza nkuutsindira ndi kapu.

Mukafunsa mamanijala a zamalonda mmene amasankhira munthu womuchotsa, adzakuuzani za mapepala. Adzati timayang'ana amene wagulitsa zochepa, amene dera lake lingaphatikizidwe ndi lina, amene wayandikira kupuma. Zonsezo n'zoona, ndipo ine ndazinenapo pamisonkhano nditavala suti. Koma ndinakhalapo m'kachipinda kaja ndekha ndi mayina atatu, ndipo funso limene linkazungulira m'mutu mwanga silinali pa pepala lililonse. Ndinkadzifunsa kuti mwa atatuwa, ndani amene ndingathe kumuyang'ana kumaso, iye nkulandira kalata osandipatsa mavuto.

Wa pa Boma akanandivutitsa. Ankadziwa khomo la ofesi yoona za ntchito, ankadziwa kulemba makalata, ndipo mapepala onse anali kumbali yake. Mayi wa ku Lisasadzi sindikanatha nkomwe. Lachiwiri analowa kudzatenga timabuku ta oda atamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu, akupuma movutikira, ndipo anandiyang'ana kamodzi kokha. Mphekesera inali itafika kale. Dzanja lake linali pamimba nthawi yonse imene anaima pamenepo.

Lachitatu ndinatenga galimoto ya ofesi kupita ku Chamama. Ndinauza mlonda kuti ndikukaona masitolo. Zoona zake n'zakuti ndinkakafuna chifukwa. Ndinkafuna wina andiuze kuti akulu aja atopa, saonekaoneka, alimi akudandaula, kuti mtima wanga upeze potsamira.

Msewu unali wa fumbi lokhalokha. Minda ya fodya inali itazulidwa, dziko lili tetete mpaka kumene maso alekezera, ndipo zobiriwira zinali m'madambo mokha, mmene anthu ankathirira nazale ndi makeni. Ndinaima pasitolo ya bambo wina Msilamu amene ankatigulitsira katundu kwa zaka zambiri. Anali munthu wa ndevu zoyera, wosathamangira kulankhula. Anandipatsa mpando mkati, pakati pa matumba a mbewu ndi makasu, nkuitanitsa tiyi.

Ndinayamba mozungulira. Ndinafunsa za malonda, za mvula imene ikubwera, kenako ndinati, "Nanga akulu athu aja amafikafika kuno?"

Anandiyang'ana kwa kanthawi. "Mayi, mwabwera kudzafunsa zimenezo?"

"Ndikungofunsa, bambo."

"Amafika. Koma ndikuuzeni chimene simunafunse. Mlimi akalowa muno satchula dzina la mankhwala. Amati ndipatseni aja anatiuza akulu aja. Ndikamupatsa a kampani ina, ngakhale otsika mtengo, amawabweza. Ndiye pali ichi. Alimi a kuno akalandira za fodya sagula kuno. Amakwera galimoto kupita pa Boma, kumene kuli mabanki, nkugula komweko feteleza ndi mbewu zonse, nkubwera nazo pa lole. Ine ndimangowaona akudutsa. Tsono katundu ameneyo kwanuko mumalemba kuti wagulitsa ndani?"

Yankho ndinkalidziwa: katundu wogulidwa pa Boma ankalembedwa m'dzina la mnzathu wa nsapato zonyezimira uja. Ndinali nditazidziwa kalekale, koma palibe anali atandiuzapo m'maso muli gwa.

Bamboyo anapitiriza, mawu atatsika. "Mkazi wanga atamwalira, ife timaika tsiku lomwelo, mukudziwa. Mwana wanga wamkulu anali kuesiteti kutali, foni yake yosagwira. Akulu amenewa, munthu wa tchalitchi, anapita pa njinga kukamutenga, ndipo anafika tisananyamule. Sindikunena kuti muchite chiyani, ntchito ndi yanu. Tiyi wanu akuzizira."

Ndinamwa tiyi uja ngati mankhwala. Pobwerera ndinali wokwiya, ndipo ndinakwiyira aliyense: bwana wa ku Lilongwe, makampani a fodya, mwini sitolo chifukwa chondiuza zoona, ngakhale akulu a ku Chamama chifukwa chokhala munthu wabwino pa nthawi imene ine ndinkafuna munthu woipa. Pafupi ndi mlatho wina ndinakalipira wa ngolo amene ng'ombe zake zinatseka msewu, mawu amene sindingawalembe pano. Mwini ngolo anangovula chipewa nkupepesa, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa.

Lachinayi m'mawa ndinayesa. Ndiyenera kunena zimenezi, osati podziyeretsa, koma chifukwa zinachitika. Ndinaimbira bwana nkumufotokozera za alimi a ku Chamama ogula pa Boma, ndi za maliro. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndakumvani, mayi, ndipo mwina mukunena zoona. Koma ine pamwamba panga palinso anthu, ndipo iwo amawerenga mapepala. Mukafuna kusunga akuluwo, ndipatseni dzina lina, ndi chifukwa chimene ndingachilembe."

Amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma ine tsiku limenelo ndinalewa. Ndinakumbuka kuti akulu aja ananenapo tsiku lina mocheza kuti ntchito ikadzatha ali ndi munda ndi khasu. Ndinagwira mawu amenewo ngati kuti anali chilolezo. Ndinadziuza kuti ana awo ndi akuluakulu, kuti zaka zopuma zayandikira, kuti pepala la kazitape silinalembedwe ndi ine. Pansi pa zonsezo panali chifukwa chenicheni, ndipo ndichinena poyera: ndinawasankha chifukwa ndinkadziwa kuti adzandikhululukira.

Ndinatchula dzina lawo. Bwana anati zikomo, nkundiuza kuti kalata ibwera ndi pepala la masiku aja ngati umboni, ndipo tonse awiri tisaine pansi pa tsamba lililonse.

Lachisanu akulu aja anafika nthawi ya teni koloko, monga ndinawaitanira. Ndinawaona pawindo akuimika njinga pamthunzi. Inali yotsukidwa mpaka masipoko, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti akudziwa. Anavala malaya oyera ositidwa bwino. Analowa, nkuika helemeti pansi pafupi ndi mpando, nkundifunsa za mayi anga kumudzi, ngati miyendo yawo ikuwalola kuyenda. Ndinayankha mwachidule. Ndinali nditakonza mawu ambiri, za mmene malonda avutira ndi za mmene kampani ikuyamikirira zaka zawo, koma ndinangokankha envelopu patebulo.

Anatulutsa magalasi m'thumba, nkuwerenga kalata yonse pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atamaliza anaipinda bwinobwino. Kenako anatenga pepala la kazitape.

"Awa ndiye masiku anga?"

"Ndi amene makina analemba, bambo."

"Makina sanama. Ndibwerekeni cholembera."

Ndinawapatsa changa, ndikuganiza kuti akufuna kusaina. Koma anayamba pamwamba pa mndandanda, nkuika nsonga ya cholembera pa mzere woyamba. Anayang'ana tsiku ndi dzina la malo, nkuganiza pang'ono.

"Ili ndi la agogo aja a kuseri kwa sukulu. Anadwala nthawi yaitali." Anachonga. "Ili ndi la mwana wa tenanti wa paesiteti, anagwa m'chitsime cha kudimba. Kwawo kunali kutali, analibe m'bale kuno, tinaika ndife." Anachonga. "Awiri awa ndi a mkazi wa mwini sitolo uja munamuchezera dzana."

Sankadandaula, ndipo sankadziteteza. Mawu awo anali a munthu amene akuwerenga mayina kutchalitchi. Ndinafuna kuwaletsa, koma ndinalibe mphamvu. Anatsika mzere ndi mzere, mlimi wolumidwa ndi njoka pothyola fodya, mayi womwalira pobereka, mkulu wa mpingo mnzawo. Pa mzere umodzi anaseka pang'ono nkuti, "Ili lokha si maliro. Njinga inaphulika tayala, ndinakankha tsiku lonse." Anachonganso.

Kenako cholembera chinafika pa mizere itatu yofiira, yotsatizana. Chinaima m'mwamba. Anadumpha mizere itatuyo, nkupitiriza ndi wotsatira, wa mnyamata wina amene anagundidwa ndi lole ya mabelo a fodya.

Ine maso anga anatsala pofiira paja. Pepala linali chadodolido kwa ine, koma ndinatha kuwerenga. Mwezi unali Febuluwale. Malo anali Lisasadzi. Pambali pake makina analemba kuti kunja kwa dera.

Pamenepo zinthu zimene ndinkati ndaiwala zinabwera zokha. Tsiku lachiwiri la maliro a bambo, mtsinje unadzaza ndipo galimoto imene inkabweretsa bokosi kuchokera pa Boma inalephera kuwoloka. Ndinali m'nyumba ya siwa pakati pa amayi, ndipo ndinamva abambo panja akukambirana motsitsa mawu kuti atani. Patapita maola angapo ndinasuzumira pakhomo nkuona munthu atavala jasi la mvula la kampani yathu, matope mpaka m'mawondo, akumasula matabwa amene anamangidwa chopingasa pa njinga yamoto. Mmisiri wa m'mudzi anakhoma bokosi pansi pa chigafa cha bambo. Wina anadzandinong'oneza kuti bokosi lapezeka, ndipo ine ndinangogwedeza mutu. Sindinafunse kuti matabwa achokera kuti, kapena kuti munthuyo wawoloka nawo bwanji. Ndinkadziwa kuti akulu a ku Chamama anabwera pamaliro, monga anabwerera anthu ena onse. Sindinaganizepo kuti njinga nayo inali pomwepo, ndi kazitape wake pansi pa mpando, akulemba.

Bwana anali atandiuza Lolemba lija kuti njinga inatuluka m'dera lake masiku atatu. Sindinafunse kuti liti, kapena kuti inapita kuti. Pepala linakhala patebulo langa sabata yonse litatsindiridwa ndi kapu.

"Bambo," ndinatero, "masiku atatu awa..."

"Asiyeni amenewo, mayi."

"Ayi. Ndiimba ku Lilongwe pompano. Ndiwauza kuti pepalali n'lolakwika, kuti munali kwathu, kuti ndine ndinalakwitsa."

Ndinali nditagwira kale foni. Anavula magalasi nkundiyang'ana, osati mwaukali, koma mmene ankandiyang'anira pabwalo la mpira ndikafuna kuthamangitsa njinga ndisanadziwe mabuleki.

"Mukaimba, achotsa mizere itatu. Yotsalayo ikwanirabe. Ndipo akakumverani nkundisiya ine, muwapatsa dzina la yani? La mayi wodwala pakati uja?"

Foni ndinaibweza patebulo. Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero n'chakuti pansi pa chisoni chonse chimene ndinali nacho, ndinamva kupepukidwa. Anali atandichotsera katundu amene ndinayenera kusenza ndekha, monga momwe ndinkayembekezera powasankha.

Anamaliza mndandanda wonse mpaka mzere womaliza, nkusaina pansi pa tsamba lililonse, nkundibwezera cholembera kuti nane ndisaine. Dzanja langa linalemba dzina langa pafupi ndi lawo. Anatulutsa makiyi a njinga ndi kabuku kake nkuziika patebulo, nkunyamula helemeti kuiika pambali pake. Anandiuza kuti tcheni chayamba kulira, amene adzaitenge asachedwe kuchisintha. Anandiuzanso kuti alimi a kumtunda kwa Chamama nazale zawo zagwidwa ndi matenda, wina apiteko sabata yamawa, asadikire kuti aitanidwe.

Ndinati ndiwaperekeze pa galimoto mpaka kwawo. Anakana. Anati galimoto nayo ili ndi kazitape, ndipo sakufuna kuti tsiku lina ndidzakhale ndi mzere wofiira chifukwa cha iwo. Sindikudziwa ngati ankaseka. Nditawatsatira mpaka pakhomo ndinayesa kunena pepani, koma mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, monga timachitira popepesa ofedwa.

"Pitani mukagwire ntchito, mwana wanga," anatero.

Ndinaima pakhomo kuwayang'ana akuyenda kupita kumsewu waukulu, envelopu ili m'manja. Anaimitsa wa kabaza, nkukambirana naye pang'ono, nkukhala pakaliyala atagwira chipewa chimene anatulutsa m'thumba kuti chisauluke.

Dera la Chamama tinaligawa pakati pa awiri otsalawo. Mayi uja anabereka mwana wamkazi mvula yoyamba itagwa, ndipo anabwerera ku ntchito. Wa pa Boma malonda ake anatsika chaka chotsatira, ndipo ku Lilongwe anandifunsa chifukwa chake. Ndinawauza, koma sindikhulupirira kuti analemba penapake. Ine ndinakhalabe pampando uja zaka zina zingapo, ndipo ndinachotsanso anthu ena. Kuyambira nthawi imeneyo pepala lililonse ndinkaliwerenga mzere ndi mzere, ndipo ndinkafunsa mwini wake kuti anali kuti. Sindinganene kuti zimenezo zinapulumutsa aliyense.

Akulu aja ali moyo, amalima mtedza ndi soya kwawo. Ndinapitako kawiri. Amandilandira bwino, amandipatsa mtedza wa ana, ndipo nkhani ya ntchito saitchula. Ndikanakonda akanandikalipira ngakhale kamodzi.

Pepala lija linayenera kubwerera ku Lilongwe litasainidwa. Ndinatumiza lojambula, lenilenilo ndinasunga. Lili m'Baibulo la bambo anga, lopindidwa kanayi. Mzere uliwonse uli ndi kachizindikiro ka cholembera pambali pake, kupatula itatu.